Kupalasa M'njira za Anthu Amene Anachoka

Kuno ku France kuli anthu amene amagula njinga yakapalasa pa mtengo wa ma euro 2,000, ena mpaka 5,000, cholinga chawo chili chimodzi basi: kuthawa tara. Loweruka m'mawa amavala tizovala tothina, botolo la madzi pa felemu, n'kuyamba kusakasaka msewu wa dothi ngati mmene ife timasakira netiweki tikapita kumudzi. Akaupeza, wa miyala ndi mayenje omwe, amaujambula n'kuuponya pa Instagram. Masewerawa amawatcha gravel. Ndipo ine, mwana wa m'dziko limene munthu amawina uphungu polonjeza tara, ndinalowa nawo gulu limeneli chaka chatha.

Njinga ya gravel ukaionera patali imafanana ndi zija za mpikisano wa Tour de France, mahandulo opindikira pansi, felemu yopepuka yoti ungainyamule ndi dzanja limodzi. Kusiyana kwake umakuona ukayandikira. Matayala ake ndi onenepa, mamilimita 40 kapena 45, okhala ndi timano togwira dothi. Ambiri alibe chubu, m'kati mwake amathiramo timadzi tonga mkaka timene timatseka tokha pamene munga waboola. Magiya ake ndi ofewa kuti chitunda chisakutsitse. Keliyala palibe. Katundu umamangirira m'timatumba pansi pa chishalo, pakati pa felemu ndi kutsogolo kwa mahandulo. Yangayi ndinagula yakale pa Leboncoin, umene uli ngati msika wa kaunjika wa pa intaneti, pa ma euro 350 omwe ndinasunga kuchokera ku ganyu yotsuka mbale madzulo.

Nditawatumizira amayi chithunzi pa WhatsApp, matope ali m'miyendo mpaka m'mawondo, yankho linabwera la mawu. "Iwe mwana, sukulu yonse ija, ndege yonse ija, wapita kukapalasa njinga m'fumbi? Ukanangonena, tikanakugulira ya kabaza konkuno, bwenzi pano ukutibweretsera ya ndiwo." Anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka, koma funso lawolo si la chibwana ayi. Kwathu njinga ndi khasu, ndi ambulansi, ndi lole ya makala. Msewu wafumbi ndi chizindikiro chakuti boma silinafike. Ndiye munthu wanzeru zake angaufunirenji dala?

Ndimaphunzira ku Dijon, m'chigawo cha Bourgogne, chomwe dziko lonse limachidziwa chifukwa cha vinyo. Koma ukalowera chakumadzulo kwa Dijon minda ya mphesa imatha, kumayamba dera la zitunda lotchedwa Morvan. Kumeneko nthaka ndi yosauka, pansi pake ndi thanthwe, mvula imagwa kawirikawiri, ndipo chimene chimachita bwino ndi udzu, ng'ombe ndi mitengo. Kuyambira 1970 derali ndi paki yotetezedwa, yokhudza maboma anayi: Nièvre, Yonne, Côte-d'Or ndi Saône-et-Loire. Phiri lake lalitali kwambiri, Haut-Folin, ndi la mamita 901. Inde, mwawerenga bwino. Munthu amene wakhala pa Area 25 ku Lilongwe akumwa tiyi ali pamwamba kuposa nsonga ya Morvan yense, osanena za Sapitwa ndi mamita ake 3,002. Koma musaseke msanga. Vuto la Morvan si kutalika kwa mapiri ake, n'lakuti kulibe pathyathyathya. Ukatsika mphindi zitatu, ukwera mphindi makumi awiri, ndipo zimatero kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Chimene chimapangitsa France kukhala dziko lokoma kwa okonda gravel ndi kuchuluka kwa tinjira. Dzikoli lili ndi timaboma ting'onoting'ono pafupifupi 35,000 totchedwa commune, ndipo kalikonse kali ndi njira zakezake zakale zopita kumunda, kuchigayo, kutchalitchi, kumudzi woyandikana nawo. Zina anazithira tara wopyapyala, zina zinatsala za miyala, zina ndi za m'nkhalango zodutsa malole a mitengo, zina zinalowa pansi chifukwa cha kupondedwa zaka mazanamazana moti umapalasa ngati uli m'ngalande, mitengo itakumana pamwamba pako. Zonsezi zili pa mapu a IGN, bungwe la boma loona za mapu, amene amaonetsa ngakhale kasupe ndi khola. Masiku ano timakonza ulendo pa Komoot n'kuusunga mu foni, chifukwa m'zigwa zambiri netiweki imasowa ngati kwathu komwe. Palinso njira yotchuka ya makilomita pafupifupi 330 yochokera ku Avallon kukafika ku Autun, yotchedwa Grande Traversée du Morvan. Imeneyo anaikonzera njinga za m'mapiri zenizeni, ndipo malo ena ndi yokakala kwambiri, choncho a gravel timangobwerekako zigawo zake n'kuzilumikiza ndi njira zofatsa.

Ulendo umene ndikufuna kukusimbirani tinauyenda awiri, ine ndi mnzanga wa m'kalasi, Mfalansa wokulira m'tauni. Unali mwezi wa Juni, pamene dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku kupitirira. Masiku atatu, makilomita pafupifupi 160, kuchokera kumwera kupita kumpoto. Tinakweza njinga mu sitima ya TER ku Dijon n'kukatsikira pa kasiteshoni ka Étang-sur-Arroux. Kuchokera pamenepo njira imadutsa m'madambo a ng'ombe zoyera za mtundu wa Charolais, zonenepa ngati zopopedwa, zimene zimasiya kudya n'kumakuyang'ana mpaka utazimiririka. Titadutsa Saint-Léger-sous-Beuvray, chitunda choyamba chenicheni chinatilandira.

Pamwamba pa phiri la Beuvray, mamita 821, panali mzinda. Dzina lake Bibracte, likulu la mtundu wa anthu otchedwa Éduens, Aroma asanalande dzikoli. Ndi pamenepa pamene mitundu ya ku Gaule inasonkhana m'chaka cha 52 Khristu asanabadwe n'kutsimikiza Vercingétorix kukhala mtsogoleri wa nkhondo yolimbana ndi Julius Caesar. Atagonjetsedwa, Caesar yemweyo anadzakhala pa Bibracte nyengo yozizira yotsatira. Patapita zaka makumi angapo anthu anasamukira kuchigwa, ku mzinda watsopano umene lero ndi Autun, ndipo nkhalango inameza zonse. Lero umapalasa m'mbali mwa linga lakale pakati pa mitengo ikuluikulu yotchedwa hêtre. Ina mwa mitengoyi ndi yopindika modabwitsa, thunthu lagona chammbali kenako nthambi zaima chilili ngati zala. Imeneyi inali mipanda ya minda. Alimi akale ankatema timitengo pang'ono, n'kutipinda, n'kutiluka kuti ng'ombe zisadutse. Alimiwo atachoka mipanda ija inangopitiriza kukula mmene anaisiyira. Mnzanga anaijambula kambirimbiri. Ine ndinaima n'kumaganiza kuti pano panali munda wa munthu, ndipo munthuyo anali ndi ana.

Tisanapite patali, nazi zina zoti mudziwe ngati tsiku lina mudzapezeke kuno ndi njinga. Madzi akumwa mukawasowa, pitani kumanda. Sindikuseka. Pafupifupi manda a mudzi uliwonse ali ndi mpopi wothiririra maluwa, ndipo opalasa njinga onse a ku France amadziwa zimenezi. Tsiku loyamba ndinalowa pachipata mtima uli phaphapha, poti kwathu kumanda salowako chisawawa popanda amfumu ndi adzukulu, koma ludzu silidziwa mwambo. Chachiwiri, gulani buledi m'mawa pamene mwamuona. Masitolo a m'midzi amatseka masana kwa maola awiri kapena kuposa, ambiri Lolemba satsegula n'komwe, ndipo midzi ina ilibe sitolo ngakhale imodzi. Chachitatu, madzulo dziyang'aneni m'miyendo, m'maudzu muli nkhupakupa zopatsa matenda a Lyme. Chachinayi, kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale ndi nyengo ya alenje a nguluwe, mukaona chikwangwani chakuti kusaka kuli m'kati, bwererani. Ndipo waya woonda wozungulira msipu uja musaugwire, muli magetsi.

Titatsika Beuvray tinadutsa Glux-en-Glenne, kamudzi ka nyumba zowerengeka, kufupi ndi pamene mtsinje wa Yonne umayambira. Pamenepo ndi kamfuleni koti ungakalumphe. Kenako njira ya m'nkhalango inatikweza pang'onopang'ono mpaka pa Haut-Folin. Pamwamba pake palibe chooneka kwenikweni, ndi mitengo ndi nsanja ya mawayilesi basi. Chokoma chili potsika. Njinga ya gravel pa mtsetse wa miyala imafuna kuti uikhulupirire: manja pansi pa mahandulo, zala pa mabuleki koma osakanikiza kwambiri, thako m'mwamba pang'ono, maso patsogolo osati pa tayala. Ukaumitsa thupi imakugwetsa, ukalimasula imadzisankhira yokha podutsa. Aliyense amene anatsikapo chitunda cha kumudzi pa njinga ya atate ake, thumba la chimanga lili kumbuyo, amadziwa kale zimenezi. Mnzanga anaphunzira pa YouTube. Ine miyendo inangokumbukira.

Tinagona ku Anost, ndipo ndi kumeneko kumene ndinayamba kumvetsa kuti njira zimenezi anazipanga ndani. M'mudzimu muli kanyumba kosungiramo mbiri ya anthu otchedwa galvachers. Amenewa anali amuna a ngolo. Chifukwa nthaka ya Morvan sinkatha kudyetsa banja chaka chonse, pa 1 Meyi ankamanga ng'ombe zawo pa goli n'kunyamuka kupita kumadera akutali kukagwira ganyu yotuta mitengo ndi katundu wina, n'kudzabwerako cha pa 11 Novembala. Miyezi isanu ndi umodzi mudzi unkatsala wa azimayi, ana ndi okalamba. Tinjira tolowa pansi tija, timene ife timatikonda chifukwa cha mthunzi, tinakumbidwa ndi mikombero ya ngolo zawo.

Tsiku lachiwiri tinafika pa Lac des Settons, nyanja yozunguliridwa ndi mitengo, pomwe anthu amasambira ndi kupalasa timabwato. Ukaiona ungati inalengedwa choncho. Koma ndi damu, lomangidwa m'zaka za m'ma 1850 pa mtsinje wa Cure, ndipo ntchito yake inali ya nkhuni. Kwa zaka zoposa mazana atatu, kuyambira m'ma 1500, Paris ankaotha ndi kuphikira nkhuni za ku Morvan. Anthu ankadula mitengo nyengo yozizira, kuidinda chizindikiro cha mwini wake, n'kuiponya m'timitsinje. Akatsegula madamu, madzi ankakokolola nkhunizo mpaka kuchigwa. Za mu Yonne zinkasonkhanitsidwa ku Clamecy, komwe ankazimanga pamodzi kukhala ngati bwato lalitali lophwatalala, amuna n'kukwerapo kuliongolera mpaka ku Paris, kenako n'kubwerera kwawo wapansi. Malasha ndi njanji zitabwera malondawa anafooka, ndipo kuyandamitsa nkhuni kunatheratu mu 1923. Nditamva zimenezi ndinaona m'maganizo mwanga mzere wa njinga za makala zolowa mu Blantyre mbandakucha, matumba atasanjikizana kuposa mutu wa wopalasa. Tauni kulikonse imaphikira mitengo ya kumudzi, ndipo woikankha pa chitunda sadya nawo chophikidwacho.

Koma chimene Morvan anatumiza ku Paris choposa nkhuni ndi mkaka wa m'mawere. M'zaka za m'ma 1800, mabanja olemera a mu mzindawo ankalemba ntchito azimayi oti aziyamwitsa ana awo, ndipo azimayi a ku Morvan ndi amene ankafunidwa kwambiri. Mayi akangobereka, ankasiya khanda lake kwa agogo kapena kwa mnansi, n'kupita kukayamwitsa mwana wa eni kwa chaka kapena ziwiri. Kumeneko ankadya bwino, kuvala bwino, kulandira ndalama imene mwamuna wake sakanaipeza ndi khasu. Makanda ambiri otsala kumudzi ankamwalira. Akabwerako, ndalama ija ankamangira nyumba, kuchotsa denga la udzu n'kuika la timiyala takuda tophwatalala, ndipo nyumba zoterozo anthu ankazitcha nyumba za mkaka. Panalinso njira yobwerera: boma linkatenga ana amasiye ndi otayidwa a ku Paris n'kuwatumiza kwa mabanja a ku Morvan kuti awalere molipidwa. Anawo ankatchedwa Petits Paris. Mmodzi mwa iwo anali Jean Genet, wobadwa mu 1910, amene anadzakhala mlembi wotchuka. Anakulira ku Alligny-en-Morvan, komwe lero kuli nyumba yosungiramo mbiri ya azimayi ndi ana amenewa.

Ku Alligny tinafika masana, thukuta lili kamukamu. Ndinayenda m'zipinda za nyumbayo pang'onopang'ono, nsapato zanga za njinga zikugogoda pansi. Pa zithunzi pali azimayi ovala zoyera, maliboni aataliatali kumutu, atanyamula ana onenepa. Nkhope zawo sizikuuza kanthu. Ine ndili ndi azakhali anga amene akhala ku Joni zaka khumi ndi ziwiri akulera ana a bwana wawo. Ana awo enieni anakulira kwa agogo, amawadziwa amayi awo kudzera pa foni ndi pa katundu wobwera pa basi ya pa Khirisimasi. Kumudzi kwathu nyumba yawo ndi yokhayo ya njerwa zootcha ndi malata a mtundu. Sitiitcha nyumba ya mkaka, koma ndi yomweyo. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sananene kuti zimatha bwanji pamene wako weniweni watsala ndi wina kuti wa mnzakoyo akhute.

Madzulo a tsiku lomwelo, tili pafupi ndi Saint-Brisson, tcheni cha mnzanga chinaduka pa chitunda. Tinakankha njinga mpaka pa kanyumba kena, pomwe gogo wina wamkazi ankathirira maluwa. Tinapereka moni, iwo anatiyang'ana kuyambira ku zipewa mpaka ku nsapato, kenako anatsegula geti n'kutilozera pamthunzi poti tikonzere. Anatulutsa madzi ozizira ndi mpando. Atafunsa kwathu ndinati Malawi, iwo anagwedeza mutu mwaulemu wa munthu amene sakudziwa kumene kuli, n'kufunsa ngati amayi anga ali moyo. Ndinati ali moyo. "Ndiye mumawaimbira?" Ndinati Lamulungu lililonse. "Ana anga atatu," anatero, "wina ku Paris, wina ku Lyon, wina ku Canada. Nawonso Lamulungu." Anatiuza kuti bambo awo anali mmodzi wa ana a boma aja, anabwera ali khanda ndi nambala pakhosi, ndipo anafera m'mudzi momwemo osadziwa amene anawabereka. Anatilozera nyumba za m'mbali mwa msewu imodziimodzi: iyi eni ake ndi a ku Holland, amabwera Ogasiti, iyi a ku Paris, iyi yatsekedwa chimwalirireni mwini wake, iyo inali sukulu. Dokotala wapafupi, anatero, ndi ulendo wa galimoto, ndipo kuti umuone umayamba wadikira milungu.

Manambala akugwirizana ndi gogoyo. Boma la Nièvre linali ndi anthu oposa 340,000 m'zaka za m'ma 1880. Lero ali pafupifupi 200,000. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya gravel m'dera ngati limeneli. Chimene timachiyamikira m'njirazi, chimene mamagazini a njinga amachitama, ndi bata. Umatha kupalasa maola awiri osakumana ndi galimoto kapena munthu. Kwathu zimenezi sizingachitike. Pa msewu wafumbi wa kwathu umapereka moni mpaka kukhosi kuuma, ana amakuthamangira, amayi a ndowa pamutu amakupatukira, wina amakuimitsa kuti umubwereke pampu. Msewu wa kwathu ndi woipa koma uli ndi anthu. Wa ku Morvan ndi wokongola chifukwa anthu ake anapita. Bata limene ine ndimalipirira tikiti ya sitima kuti ndikalimve ndi lomwelo limene gogo uja amagona nalo usiku uliwonse.

Sindikunena kuti tara ndi woipa, kapena kuti anthu akanangokhala m'midzi mwawo n'kumavutika. Mayi woyembekezera amene akunyamulidwa pa njinga kupita kuchipatala nthawi ya dzinja safuna kumva za kukoma kwa fumbi. Ku Morvan nako anthu sankachoka chifukwa chodana ndi kwawo, ankachoka chifukwa thanthwe silidyedwa. François Mitterrand, amene anali meya wa Château-Chinon kuyambira 1959 mpaka 1981 asanakhale pulezidenti, anali munthu wamphamvu wa derali, komabe midzi inapitiriza kuchepa anthu. Walira mvula walira matope. Msewu wabwino umabweretsa ambulansi, ndipo pobwerera umatenga achinyamata.

Ngakhale nkhalango imene timadutsamo si yonse yachilengedwe. Minda yambiri yosiyidwa anaidzala mitengo yonga paini yotchedwa Douglas, m'mizere yowongoka, pansi pake pali mdima ndi zii, mbalame osamveka. Ikakula amaidula yonse nthawi imodzi, phiri n'kutsala lometedwa mpala, ndipo makina olemera amasiya njira zitakumbika moti umatsika n'kunyamula njinga paphewa. Anthu a m'derali akhala akukangana za kadulidwe kameneka kwa zaka zambiri, ndipo m'midzi ina umaona zikwangwani zotsutsa. M'malo ena umadutsa minda ya timitengo tofanana msinkhu tokhala ngati ana a sukulu pa mzere. Imeneyo ndi mitengo ya Khirisimasi, ndipo Morvan ndi dera limene limalima yambiri m'France monse. Disembala akafika imakwera malole kupita ku Paris, njira yomwe ija ya nkhuni ndi mkaka.

Mwina mukufuna kudziwa kuti munthu wakuda amayenda bwanji m'midzi yotereyi. Kunena zoona, nthawi zambiri bwinobwino. Njinga imathandiza. Munthu wa chipewa cha njinga ndi matope m'miyendo amadziwika chimene akuchita, ndipo mawu amodzi akuti bonjour, onenedwa mokweza usanayandikire, amatsegula nkhope zambiri. Koma tsiku lachitatu m'mawa, nditatsogola ndekha n'kuima pafupi ndi famu ina kudikira mnzanga, galimoto inachepetsa liwiro, bambo wina n'kutsitsa galasi kundifunsa chimene ndikufuna pamenepo. Ndinaloza njinga. Sanachoke mpaka mnzanga atatulukira pa kona. Mnzangayo wakhala akuima pa mageti a mafamu moyo wake wonse ndipo palibe anamufunsapo. Tinapalasa makilomita angapo osalankhulana.

Njira inatifikitsa ku Dun-les-Places. Pafupifupi mudzi uliwonse ku France uli ndi chipilala cha maina a anyamata amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo m'timidzi ta Morvan mndandanda wake umatalika kuposa chiwerengero cha anthu amene ungakumane nawo pamsewu. Koma Dun ili ndi chilonda chinanso. Nthawi ya nkhondo yachiwiri nkhalango za kuno zinkabisa magulu a anthu olimbana ndi asilikali a Germany. Pa 26 Juni 1944 asilikaliwo analowa m'mudzimu n'kupha amuna 27, kenako anaotcha nyumba. Tinaimika njinga pakhoma la tchalitchi, tinavula zipewa, tinawerenga maina. Ena ndi a banja limodzi. Kenako tinadzaza mabotolo athu n'kupitiriza, chifukwa sitima ya ku Avallon sidikira.

Chigawo chomaliza, kudutsa Quarré-les-Tombes komwe mabokosi amaliro amiyala oposa 100 akale kwambiri azungulira tchalitchi, ndi chotsika kwambiri kuposa chokwera. Miyendo imapuma, mutu ndi umene umayamba ntchito. Maphunziro anga akutha mu Seputembala. Malamulo a kuno amalola munthu amene wamaliza digiri yachiwiri kupempha chilolezo cha chaka chimodzi chofunira ntchito. Fomu yake ili mu laputopu yanga, ndinalemba dzina ndi tsiku lobadwa, pena ponse n'posalemba. Anzanga onse a kwathu amene ndimawafunsa amati usachite zopusa, tsala, kuno kulibe ntchito, kwacha ikungogwa, ukatithandize uli konko. Akunena zoona. Azimayi a maliboni aja nawonso ankauzidwa zoona, ndipo madenga anasinthadi. Ine ndine mmodzi mwa anthu ochoka, ndiye pamene ndikudutsa pa nyumba ya mawindo otseka sindingadziyese mlendo wongoona malo. Ndimawerenga kuti kwathu tatsala angati. M'kalasi mwathu mwa ku yunivesite, amene tinkakhala benchi limodzi tinali asanu. Mmodzi yekha ndi amene ali ku Malawi.

Komabe sindikufuna kuti muganize kuti ndinayenda masiku atatu ndili ndwii. Kupalasa m'zitunda zimenezi n'kokoma, abale. Pali nthawi ina m'mawa, nkhungu ikadali m'zigwa, pamene phokoso lokhalo ndi la matayala pa timiyala, ngati munthu akukazinga chimanga patali. Pali fungo la udzu wongodulidwa kumene. Pali buledi ndi tchizi zodyera pa chitsa, zokoma kuposa chilichonse chimene ndinatsukirapo mbale. Kwa mwana amene anakula akudziwa njinga ngati chida chotumidwira kuchigayo, kukwera chitunda popanda amene wakutuma, popanda thumba kumbuyo, ndi ufulu umene sindinkadziwa kuti ulipo. Fumbi ndi lomwelo. Chasintha n'chakuti ndikatopa nalo ndikhoza kukhotera pa tara n'kukakwera sitima, pamene wa makala uja alibe pokhotera.

Ku Avallon tinafika cha m'ma 4 koloko, titakwera kachitunda komaliza kochokera ku mtsinje wa Cousin kulowa m'tauni yakale ya pathanthwe. Tinagula mabotolo awiri a zakumwa zozizira n'kukhala pa siteshoni, njinga zitatsamira benchi, zoyera ndi fumbi. Sitima yobwerera ku Dijon imazungulira, umakasinthira ku Laroche-Migennes, choncho tinali ndi nthawi yambiri. Mnzanga anatsegula mapu pa foni n'kuyamba kale kukonza ulendo wina, wa ku Jura, mwezi wa Okutobala masamba akamasanduka ofiira. Anandifunsa ngati andiwerengere. Ndinamuuza kuti ayambe wasunga njirayo, ndidzamuyankha mwezi wamawa.